Kiyibodi, mausi ndi monita zikangoti zii nthawi imodzi

Mababu onse m'nyumba akazima nthawi imodzi, palibe amene amathamangira kugolosale kukagula mababu atsopano. Timayamba tayang'ana mita ngati mayunitsi atha, kapena kusuzumira kwa aneba ngati nawonso ali mumdima. Koma zikafika pa kompyuta nzeru imeneyi timaisiya pakhomo. Pa kashopu kanga kotayipa ndi kupanga fotokope kuno ku Luwinga mu Mzuzu, komwe ndimakonzanso makompyuta ntchito ya ana a ku Mzuni ikachepa, anthu ambiri amafika atagula kale kiyibodi yatsopano m'tauni, ena ndi mausi yomwe, n'kumandiuza kuti, "Achimwene, ngakhale zatsopanozi sizikugwira." Sizingagwire ndithu. Kiyibodi, mausi ndi monita ndi zinthu zitatu zosiyana, chilichonse ndi chingwe chake, ndipo n'zosowa kwambiri kuti zonse zife m'mawa umodzi. Chomwe chimazilumikiza ndi bokosi lili pansi pa tebulolo komanso magetsi omwe akulowamo. Kumeneko n'komwe ine ndimafufuza, ndipo zambiri mwa zomwe ndimachita munthu angathe kuchita yekha kunyumba osalipira aliyense.

Ndisanagwire n'komwe sikuludiraiva, ndimafunsa mwini wake kuti zinayamba bwanji. Yankho loyamba limakhala lakuti "yangosiya basi", koma ukamupatsa mpando n'kumufunsa modekha, nkhani imatuluka. Ilipo kompyuta yomwe mukaiyatsa fani imazungulira, kanyali ka pabatani kamayaka, koma monita ili bii kuchokera pachiyambi. Ina imayaka bwinobwino, munthu n'kumalemba kalata yake, kenako pakatikati chithunzi n'kuuma, kamuvi ka mausi osasunthanso. Ndiye palinso ija munaisiya yoyaka n'kupita kukadya nsima, pobwera mwaipeza yagona ndipo ikukana kudzuka. Kwa mwini wake zonsezi n'chimodzimodzi poti ntchito yaima, koma ndi matenda osiyana. Ndimafunsanso za dzulo lake. Magetsi anathima ili yoyaka? Kunali mabingu? Alipo anabwera ndi fulashi? Munasuntha tebulo posesa? Funso lotsirizali limaseketsa anthu, koma tsache lakoka zingwe zambiri mumzinda muno kuposa momwe mungaganizire.

Kenako ndimadina Caps Lock n'kuyang'ana kanyali ka pakona ya kiyibodi. Kanyali kameneka kiyibodi siikayatsa mwa iyo yokha. Mukadina batanilo, kiyibodi imatumiza uthenga ku kompyuta, ndipo kompyutayo ndi yomwe imabweza lamulo loti kanyali kayake kapena kazime. Ndiye ngati mukudina ndipo kanyali kakuyaka n'kuzima motsatira chala chanu, dziwani kuti kiyibodi ndi yamoyo, ndipo bokosi likumva n'kumayankha. Chatsala ndi njira ya chithunzi yokha. Num Lock imagwiranso ntchito yomweyi. Koma kuwala kofiira kwa pansi pa mausi musakukhulupirire. Kumangosonyeza kuti pabowo la USB pakufika 5V, ndipo makompyuta ambiri amapereka 5V imeneyi ngakhale atazimitsidwa, bola pulagi ili kukhoma. Ndaonapo anthu akulimbana nane kuti kompyuta ili bwino chifukwa mausi ikuwala, pomwe m'katimo palibe chikuyenda.

Caps Lock ikamayankha, ntchito yachepa. Dinani batani la menyu la pamonita penipenipo. Menyu ikaoneka, kapena mawu oti No Signal akamayandama, monitayo ilibe mlandu, ikungodandaula kuti palibe chikubwera. Onani ngati yasankha khomo loyenera, chifukwa monita yokhala ndi VGA ndi HDMI ikhoza kumadikirira ku HDMI pomwe chingwe chili ku VGA, ndipo zimangotengera mwana mmodzi wokonda kudina mabatani. Zulani chingwe cha VGA, chija cha mitu yabuluu, muyang'ane timano take. Timakhala m'mizere itatu, ndipo kamodzi kakapindika chithunzi chimasintha mtundu kapena kusowa kumene. Chingwechi chili ndi tizomangira tiwiri m'mbali, timangeni, si zokongoletsa. Chinanso chomwe chimachitika kawirikawiri anthu akasamuka nyumba kapena ofesi: ngati bokosi lili ndi graphics card, khadi lapadera loyendetsa zithunzi, kumbuyo kumakhala malo awiri olowetsa chingwe cha monita, ena kumtunda pafupi ndi mabowo a USB, ena kumunsi mopingasa. Chingwe chiyenera kupita kumunsiko, pakhadipo. Mukachiika kumtunda, makina ambiri saonetsa kanthu.

Pa Windows 10 ndi 11 pali kanjira kena koyesa musanazule chilichonse. Dinani pamodzi batani la Windows, Ctrl, Shift ndi B. Kompyuta imalira kamodzi, sikirini n'kuphethira, chifukwa yadzutsanso pulogalamu yoyendetsa zithunzi. Ndipo ngati kanyali ka monita kakuonetsa kuti chithunzi chikufika koma sikirini ili yakuda, walitsani tochi ya foni chapafupi mopendeketsa. Mukaona zilembo zozimiririka m'katimo, ndiye kuti zomwe zafa ndi nyali zounikira kumbuyo kwa sikirini. Apo pokha m'pomwe ndimavomera kuti monita ndi yomwe yadwala.

Tsono Caps Lock ikakhala chete, tatsala ndi bokosi.

Choyamba n'chosavuta moti anthu amaona ngati ndikuwaseweretsa. Gwirani batani loyatsira osalisiya mpaka kompyuta izime. Zulani chingwe cha magetsi kumbuyo. Ili chizulire choncho, dinaninso batanilo n'kuligwira kwa masekondi 30. Mukatero mukutaya magetsi otsalira m'kati, omwe nthawi zina amasunga motherboard, thabwa lalikulu lomwe zonse za m'bokosi zimalumikizidwapo, ili yosokonezeka, makamaka magetsi akathima n'kubweranso mwamsanga kangapo. Musanabwezeretse chingwe, chotsani chilichonse cholumikizidwa: pulinta, fulashi, ka Wi-Fi, masipika, foni yomwe ikutchajidwa. Musiye monita ndi kiyibodi basi, ndipo kiyibodiyo ilowe kumbuyo, osati kutsogolo. Mabowo a kumbuyo ali pa motherboard penipeni, pomwe a kutsogolo amadalira kachingwe ka m'kati, komanso ndi omwe amazunzika kwambiri ndi manja a anthu.

Za mabowo a kutsogolowa ndili ndi nkhani yake. Aphunzitsi ena a sukulu ina ya ku Chibavi anafika pa kabaza atafungata bokosi pamiyendo, atalikulunga m'chitenje chifukwa kunali mawawa. Inali nyengo ya mayeso otsiriza teremu, ndipo mapepala onse anali m'menemo.

"Achimwene, ndithandizeni. Ahedi akufuna mapepala mawa, ndipo munthu wina wandiuza kuti ikufunika kufomata."

"Madamu, pepani khalani apa kaye. Wotsiriza kuigwiritsa ntchito ndi ndani?"

"Aphunzitsi anzanga anabwera ndi fulashi kudzatenga mayeso a masamu. Akuti inkavuta kulowa."

Nditaiyatsa inangoyaka kamphindi n'kudzizimitsa, monita osaonetsa kanthu. Ndinawalitsa tochi m'mabowo a kutsogolo. M'bowo la USB labwino mumakhala kalilime kapulasitiki, kakuda kapena kabuluu, komwe kamagwira tizitsulo tinayi kuti tisakhudzane. M'bowo limodzi kalilimeko kanali katathyoka, tizitsulo tili pamtunda, kamodzi katapindika mpaka kugunda khoma lachitsulo la bowolo. Fulashi ija inakankhidwa chozondoka, mwamphamvu. Kachitsulo kamodzi ka kumapeto ndi kamene kamanyamula 5V, ndipo kakagunda khoma ndiye kuti magetsi akuthawira pansi. Makina amadziteteza pozima. Ma motherboard ena amayamba alemba kuti USB device over current status detected asanazime, koma iyi sinafike n'komwe polemba. Ndinatsegula bokosi, n'kutsatira kachingwe kochokera ku mabowo a kutsogolo, n'kukazula pa motherboard. Nditayatsanso, kompyuta inalira kamodzi kuti pii, chithunzi n'kubwera. Pabowo lothyokalo ndinamatapo tepi kuti wina asadzayesenso.

"Basi? Mapepala anga alimo?"

"Alimo onse, madamu. Kungoti kuyambira lero mafulashi azilowera kumbuyo."

Kulira kuja kuti pii kuli ndi tanthauzo. Kompyuta ikangoyatsidwa, isanafike n'komwe ku Windows, imayamba yadziyeza yokha: purosesa (ubongo wa kompyuta), RAM (mosungira kwakanthawi zomwe ikugwira panthawiyo), mbali ya zithunzi, kiyibodi. Kudziyeza kumeneku amakutcha POST. Zikayenda bwino, makina ambiri amalira kamodzi mwachidule. Zikavuta, chithunzi sichingabwere, ndiye amalankhula ndi kulira kobwerezabwereza kapena ndi kuphethira kwa nyali. Makina a Dell a mtundu wa OptiPlex, omwe ndi ambiri m'maofesi muno, amaphethiritsa batani loyatsira mwa mtundu wa lalanje motsatira ndondomeko yake, ndipo akalekale ali ndi tinyali tolembedwa 1, 2, 3, 4. A HP amaphethira mofiira uku akulira. Kampani iliyonse ili ndi chinenero chake, choncho musaloweze za mtundu umodzi n'kumaziika pa wina. Werengani kuti yalira kapena yaphethira kangati, lembani papepala, kenako fufuzani pafoni buku la mtundu wa makina anuwo. Makina ena, makamaka olumikiza pamanja, alibe n'komwe kasipika kolirako. Ine ndimasunga kamodzi m'kabati, kakang'ono ngati batani la malaya, kongobaya pa motherboard.

Mwa makina onse omwe amafika kwa ine fani ikuzungulira koma monita ili bii, ambiri ndi nkhani ya RAM, ndipo nthawi zambiri RAM yo siinafe, yangosiya kugwirana bwino ndi malo ake. Kuno mvula imachedwa kutha, chinyezi chimakhala m'nyumba miyezi yambiri, kenako kumabwera fumbi la mu Okutobala. Ziwirizi zikakumana pa timano ta RAM pamachita kautoto kosaoneka bwino ndi maso. Kuwonjezera apo bokosi likakwera kabaza m'misewu yathu ya m'makwalalayi, zinthu m'kati zimagwedera.

Kakonzedwe kake ndi aka. Zulani magetsi, gonekani bokosi cham'mbali, tsegulani chivindikiro. Musanagwire kanthu m'katimo, gwirani kaye chitsulo cha bokosilo kuti mutaye timagetsi ta m'thupi, makamaka ngati mwavala juzi. RAM ndi timatabwa titalitali tobiriwira toimirira pafupi ndi fani ya purosesa. Kankhirani kunja tizogwirira ta kumapeto, kathabwako kamadzuka kokha. Kagwireni m'mphepete, osati pa timano tagolide. Tengani labala woyera wa pensulo, wofewa uja, mupukute timanoto mbali zonse mopepuka mpaka tiwale, n'kuchotsa zinyenyeswazi ndi kansalu kouma. Pobwezera yang'anani kampata kali pakati pa timano. Sikali pakatikati penipeni, ndipo kayenera kukumana ndi kachotupa ka m'malo mwake. Kampata ka DDR3 ndi ka DDR4 kali posiyana, choncho ngati sizikulowa musakakamize. Zikakumana, kanikizani ndi zala zazikulu mbali zonse ziwiri mpaka tizogwirira titseke tokha kuti kha. Anthu ambiri amaopa kukanikiza, n'kusiya mbali imodzi ili m'mwamba pang'ono, ndipo vuto limapitirira.

Ngati timatabwa tilipo tiwiri, yesani kamodzikamodzi, komanso musinthe malo. Kamodzi kakufa kamaletsa ndi kabwino komwe. Ndipo pali yeso lina lomwe ndimalikonda: chotsani RAM yonse n'kuyatsa. Motherboard yamoyo yokhala ndi kasipika imakuwa nthawi yomweyo kudandaula kuti RAM kulibe. Ikangokhala phee, nkhawa yanga imasamukira ku power supply, kabokosi kogawa magetsi m'katimo, kapena ku motherboard yeniyeniyo. Graphics card nayonso muichite chimodzimodzi: izuleni, lowetsani monita pa motherboard ngati pali malo, muone.

Muli m'katimo, muona kabatire kozungulira konga ndalama yachitsulo. Ndi CR2032, ka 3V, ndipo kamapezeka kwa okonza mawotchi mumsika. Ntchito yake ndi kusunga nthawi ndi makonzedwe a BIOS, kapulogalamu ka pa motherboard komwe kamadzutsa makina Windows isanayambe, kompyuta ikazima. Makina ambiri omwe timagula kuno anagwira kale ntchito zaka zambiri kunja, ndipo kabatireko ndi komwe kanabwera nawo. Kakamatha, tsiku ndi chaka zimabwerera m'mbuyo, masamba a pa intaneti n'kumakana kutseguka, ndipo makina ena amakana kuyaka kumene. Kachotseni, dikirani mphindi zingapo, ikani katsopano mbali yolembedwa + ili kumwamba. Chenjezo limodzi: mukatero BIOS imabwerera momwe inachokera ku fakitale. Windows ikayamba kuonetsa sikirini yabuluu pambuyo pake, musachite mantha, lowani mu BIOS muone mbali ya SATA, yokhudza hard disk, ngati yasintha pakati pa AHCI, IDE kapena RAID, muibwezere momwe inaliri.

Tsopano power supply, kabokosi kachitsulo komwe chingwe cha kukhoma chimalowa. Apa m'pomwe ndimatsutsana kwambiri ndi eni makina. "Koma fani ikuzungulira, ndiye kuti moto ukufika." Fani ndi chinthu chosasankha, imazungulira ngakhale magetsi atakhala operewera. Purosesa siitero. Power supply imasintha 230V ya kukhoma kukhala 12V pa mawaya achikasu, 5V pa ofiira ndi 3.3V pa a lalanje, ndipo iliyonse siyenera kuphonya kupitirira 5 peresenti, kutanthauza kuti 12V izikhala pakati pa 11.4 ndi 12.6. Palinso waya wotuwa womwe umanyamula uthenga wouza motherboard kuti magetsi akhazikika, yamba ntchito. Uthengawu ukapanda kufika, mafani amazungulira, tinyali timayaka, koma purosesa imangodikira, ndipo kiyibodi, mausi ndi monita zonse zimakhala zii.

Chizindikiro chimodzi chomwe ife a kuno timachiona kwambiri kuposa anzathu a ku Karonga kapena ku Nkhata Bay ndi cha m'nyengo yozizira. Mu Juni ndi Julayi munthu amabwera n'kunena kuti m'mawa kompyuta imakana, koma akaiyesa kangapo, kapena dzuwa likakwera, imayaka n'kugwira ntchito tsiku lonse. Amenewo kawirikawiri ndi ma capacitor okalamba, timigolo ting'onoting'ono tosunga magetsi, mu power supply kapena pa motherboard. Akazizira amafooka kwambiri, akafunda pang'ono amayesetsa. Makina otere akukuchenjezani, ndipo tsiku lina sadzayakanso ngakhale masana.

Njira yodalirika yoyezera power supply ndi kubwereka ina yomwe mukudziwa kuti ndi yabwino. Amisiri timayesanso polumikiza waya wobiriwira ndi wakuda pa pulagi yaikulu ya mabowo 24, itazulidwa pa motherboard, kuti tione ngati ikudzuka, kenako n'kuyeza ndi kamita ka m'manja koyezera magetsi (multimeter). Koma makina ambiri a m'maofesi a Dell ndi HP ali ndi mapulagi awoawo osiyana ndi amenewa, choncho musangolumikiza mawaya poona mtundu. Onaninso kapulagi kakang'ono ka mabowo 4 kapena 8 komwe kamadyetsa purosesa, chifukwa kakakhala kosalowa bwino zizindikiro zake ndi zomwezi. Chomwe sindilola n'choti munthu atsegule power supply yeniyeniyo. M'katimo mumatsala magetsi oopsa ngakhale mutazula pulagi. Ndipo ngati mwalandira makina kuchokera kwa achibale a ku America, yang'anani kumbuyo ngati kuli kaswitchi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Kakhale pa 230 musanabaye kukhoma. Kakakhala pa 115 mumva kuphulika ndi fungo, ndipo zikatero palibenso chokambirana.

Osaiwala za kunja kwa bokosi. Maekisitenshoni otchipa aja mabowo ake amakula msanga, pulagi n'kumagwedera, ndipo ena amabayapo ketulo kapena hita pamodzi ndi kompyuta. Yesani kubaya molunjika kukhoma. Amene angakwanitse agule UPS, kabokosi ka batire komwe kamapitiriza kupereka magetsi akathima, ngakhale yaing'ono, chifukwa choononga kwambiri si kuthima kwa magetsi kokha ayi, komanso momwe amabwerera. Amene sangakwanitse, azizula pulagi magetsi akangothima n'kudikira kaye akabwera. Kukayamba ziphaliwali zulani zonse, ndi chingwe cha netiweki chomwe.

Nanga ija imayaka bwino kenako n'kuuma pakati pa ntchito? Ndimayamba ndayang'ana nthawi. Ngati imauma ikagwira ntchito kwakanthawi, fani ikulira ngati ikufuna kuuluka, ndimaganizira kutentha. Purosesa ikayandikira 100°C imadzichepetsa liwiro, zikapitirira imazima. Tsegulani muone pakati pa fani ndi tizitsulo toziziritsa. Ndimapezamo fumbi lolukana ngati bulangete, ndi mphemvu, ndi ulusi wa kangaude. Tulutsani bokosi panja, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, mupemerere ndi blower kapena mupukute ndi burashi youma ya penti. Pakamwa ayi, mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi. Makina akale amafunanso thermal paste yatsopano, kaphala kotuwa kaja ka pakati pa purosesa ndi choziziritsa, kadontho kochepa chabe. Pulogalamu ngati HWMonitor imakuonetsani kutentha kwake kuti musamangoganizira.

Ngati imauma nthawi iliyonse, kozizira kapena kotentha, yang'anani kanyali ka hard disk kutsogolo kwa bokosi. Kakayaka osaphethira, mausi ikuyenda modukiza kenako n'kuima, mwinanso mukumva kugogoda m'kati, ndiye kuti disiki ikutha. Apo siyani zonse, koperani mafayilo anu lero lomwe. CrystalDiskInfo imakuuzani thanzi la disiki, ndipo ikalemba Caution musakambirane nayo. Za RAM, Windows ili ndi choyezera chake, mungolemba mdsched pofufuzira, kapena mugwiritse ntchito MemTest86 ya pa fulashi n'kuisiya usiku wonse. Ena amatsegula Event Viewer, n'kupeza Kernel-Power 41, n'kubwera akuthamanga kuti apeza vuto. Uthengawo umangonena kuti kompyuta inazima mosayenera, zomwe mukudziwa kale poti ndinu munagwira batani. Zothandiza ndi zomwe zalembedwa uthengawo usanafike.

Yokana kudzuka ikagona ija kawirikawiri si ya sikuludiraiva. Mu Device Manager, pa kiyibodi ndi pa mausi, onani ngati pachongedwa polola kuti zidzutse kompyuta. Mu Power Options zimitsani USB selective suspend, yomwe imadula magetsi ku mabowo a USB pofuna kusunga mphamvu. Pa laputopu ili ndi phindu, pa kompyuta ya patebulo sindiona ntchito yake. Komweko zimitsaninso Fast Startup. Kuyambira pa Windows 8, mukadina Shut down makina sazima kwathunthu, amasunga mbali ina ya momwe analiri kuti adzayake msanga, ndipo ngati munali chosokonezeka chimadzukanso nawo mawa. Restart ndi yomwe imayambiradi pachiyambi. Makina onse a pashopu panga ndinawazimitsa zimenezi, ndipo sagona n'komwe, monita yokha ndi yomwe imazima.

Pali kayeso kena kolekanitsa vuto la zitsulo ndi la mapulogalamu. Mukangoyatsa, dinani mobwereza batani lolowera mu BIOS: F2 pa Dell, F10 pa HP, Del pa ena ambiri. Ngati mwalowa ndipo kiyibodi ikuyenda m'menemo, koma Windows ikangotseguka zonse n'kufa, zitsulo zili bwino, vuto lili mu Windows, ndipo Safe Mode, kuyatsa Windows ndi zofunikira zokhazokha, ndi poyambira. Izi zimaoneka kwambiri munthu akaika Windows 7 pa makina atsopano. Windows 7 sidziwa USB 3.0 payokha, ndiye kiyibodi ndi mausi zimafera pa sikirini yoyamba. Yesani mabowo akuda m'malo mwa abuluu, omwe ndi a USB 3.0. N'chifukwa chakenso sinditaya kiyibodi yakale ya pulagi yozungulira, ya PS/2, yomwe bowo lake ndi lapepo, la mausi lobiriwira. Siidalira USB, choncho imalowa pomwe zina zakanika. Kungoti imafuna kubayidwa kompyuta ili yozima, mukabaya ili yoyaka siigwira mpaka muyatsenso.

Mwa njira zonse zomwe ndalembazi, kufomata (kufufuta zonse pa disiki n'kuikamo Windows mwatsopano) sikunawonekepo, ndipo n'dala. Mumzinda muno muli chizolowezi choti vuto lililonse la kompyuta mankhwala ake ndi kufomata. Chaposachedwapa kwabweranso mawu oti "Windows 10 inatha". Chomwe chinatha pa 14 Okutobala 2025 ndi thandizo la nthawi zonse lochokera ku Microsoft, makamaka zotseka mipata ya chitetezo. Imeneyo ndi nkhani yofunika payokha, koma siimitsa kiyibodi kapena kudetsa monita. Kompyuta yomwe siikufika n'komwe pa chizindikiro cha kampani yake sinayambe kuwerenga disiki, ndiye Windows ilibe nawo mbali. Wokonza akakuuzani za kufomata asanatsegule bokosi, mufunseni kuti afomata bwanji makina osaonetsa chithunzi.

Nthawi zina ndimayesa zonsezi, RAM ina, power supply ina, batire latsopano, koma bokosi lili phee. Ndikayang'anitsitsa pa motherboard ndimapeza ma capacitor otupa pamutu m'malo mokhala afulati, ena atatuluka zadzimbiri, kapena kamalo kakuda konunkha chopserera pafupi ndi bowo la netiweki, komwe mphenzi imakonda kulowera. Ma capacitor wodziwa kuwotcherera angathe kusintha. Zopserera zija ndimamuuza mwini wake mosabisa kuti pa makina akale chonchi, ndalama yosakira motherboard ina ndi bwino aiwonjezere agule bokosi lina. Mafayilo ake sanapite kulikonse. Ndimazula hard disk, n'kuilumikiza pa makina anga ndi kachingwe ka SATA kopita ku USB, n'kumukoperera. Pokhapo ngati disikiyo inatsekedwa ndi BitLocker m'pomwe pamafunika kiyi yake ya manambala 48, yomwe nthawi zambiri imakhala mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake, kapena kwa a IT ngati makinawo ndi a kuntchito.

Mukaganiza zobwera nayo kwa wokonza, musanyamule bokosi lokha. Tengani chingwe chake cha magetsi, chingwe cha monita, kiyibodi, mausi, ndi ekisitenshoni yomwe mumabayapo. Zimachitika kuti bokosi lafika pashopu, ndalumikiza zingwe zanga, layaka bwinobwino, mwini wake n'kubwerera nalo ku Mchengautuwa kukapeza vuto likumudikira m'chingwe chomwe anachisiya pansi pa tebulo. Monita ngati ndi yolemetsa isiyeni, koma ijambuleni kumbuyo ndi foni kuti ndione mabowo ake.